Phukusi Limene Tinapita Nalo ku Mudzi wa Miphika

Phukusi lija linafika kunyumba kwathu ku Tyrrelstown, mumzinda wa Dublin, madzulo ena, ine ndikutsuka mbale. Anabwera nalo anti, mayi a mnzanga wa kusukulu, amene ankagwira ntchito limodzi ndi amayi anga kunyumba yosamalira okalamba. Sanalowe m'kati monga ankachitira masiku onse. Anaima pakhomo, anapatsa amayi jumbo yakuda yomatidwa ndi tepi mbali zonse, ananong'ona mawu angapo, n'kubwerera ku galimoto yawo. Amayi anaikulunga m'chitenje chakale n'kuiika pansi penipeni pa sutikesi yathu.

"Muli chiyani m'menemo?" ndinafunsa m'Chingerezi.

"Katundu wa eni ake," amayi anayankha m'Chichewa. "Malizitsa mbalezo."

Kwa ife Amalawi a ku Dublin, phukusi si chinthu chachilendo. Munthu akangomveka kuti akukwera ndege kupita kumudzi, Misa ikatha amapezeka atazunguliridwa. Wina nsapato za mwana wa mlongo wake, wina foni yakale, wina mankhwala a agogo. Umalandira, sutsegula, sufunsa. Ndinakula ndikuziona zimenezi. Chimene chinandivuta n'chakuti ife sitinali kupita ku Malawi. Tinali kupita ku Thailand, kwawo kwa anti, ndipo anti omwewo anali kukwera nafe ndege yomweyo. Munthu satumiza katundu pa ndege imene iyenso alimo, pokhapokha ngati m'nyumba mwake muli wina amene sayenera kumuona katunduyo. M'nyumba ya anti munali anthu awiri okha, iwo ndi mnzanga.

Mnzangayo anabadwira ku Dublin. Bambo ake ndi Muairishi amene anachoka iye akadali wamng'ono. Ine ndinafika kuno ndili kupulayimale, ndipo chaka choyamba chonse sindikudziwa ngati aphunzitsi anamva bwinobwino mawu anga. Iye anangobwera tsiku lina n'kukhala pambali panga, n'kuyamba kulankhula ngati tinasiyira nkhani panjira dzulo lake. Ankanditcha sisitere chifukwa cha kufatsa kwanga. Ine ndinkamutcha wailesi. Kupatula iye, ndinalibe wina wodya naye nthawi ya buleki.

Chilimwe chimenecho iye sankafuna kupita ku Thailand. Anali atapeza gulu la atsikana ndi anyamata akuluakulu amene ankapita nawo pa sitima ku Dún Laoghaire kukadumphira m'nyanja, ndipo anati sangasiye zimenezo kuti akalumidwe ndi udzudzu. Anakana, anakana, mpaka anti ananena kuti ine ndi amayi tipita nawo. Pomwepo anavomera. Ndipo amayi anga, amene sanandilolepo kugona kwa mnzangayo ngakhale usiku umodzi, anavomera tsiku lomwelo.

Pali chinanso chimene ana a Amalawi kuno timachidziwa koma sitichinena pamaso pa akuluakulu. Kutchalitchi kwathu kunali mtsikana wina wa kwaya, wamkulu kwa ine pang'ono, amene anayamba kuyankha makolo ake mwachipongwe ndi kubwera mochedwa kunyumba. Anamutenga kuti akaone agogo ku Blantyre pa tchuthi. Makolo anabwerako okha. Iye anatsala kusukulu yogonera komweko. Pambuyo pake tinamva kuti azimayi a kutchalitchi onse ankadziwa, ndipo ena anamunyamulira zinthu zake pang'onopang'ono m'maulendo awo, iye osadziwa kanthu. Ndinakumbukira zimenezi ndikuyang'ana chitenje chija pansi pa sutikesi. Kenako ndinadziuza kuti amenewo ndi makhalidwe athu, anthu a ku Thailand sangachite zotero. Ndinalemba choncho m'buku langa la tsiku ndi tsiku, n'kugona.

Mudzi wa anti uli kutali ndi Bangkok, kumpoto chakum'mawa. Tinakwera ndege ina yaing'ono, kenako galimoto ya mlamu wawo. Kunali kotentha ngati ukupuma nthunzi ya m'ketulo. Mbali zonse za msewu kunali minda ya mpunga yodzaza madzi, ndipo titayandikira mudzi ndinayamba kuona miphika. Inali paliponse: pamatebulo a m'mbali mwa msewu, pazipata, ina yaikulu kuposa ine itaimikidwa pamphambano. Yonse inali yotuwira, yojambulidwa mizere yofiira yozungulirazungulira ngati ya kunsonga kwa chala. Mnzanga anandiuza kuti pansi pa mudzi wonsewo pali miphika yeniyeni yakale kwambiri, ndipo kale anthu ankaipeza polima kapena pokumba chimbudzi, mpaka akatswiri anabwera kudzafukula. Imene tinkaionayo inali yongotsanzira, yogulitsa kwa alendo.

Nyumba ya kwawo inali yamatabwa, yokwezeka pa nsanamira. Pansi pake panali mthunzi pomwe anthu ankakhala masana onse. Pamenepo panali bedi lansungwi limene ankagonapo bambo a anti, amene anafa ziwalo mbali imodzi ndipo sankatha kulankhula. Panalinso tebulo lalitali la ang'ono awo a anti, mayi wonenepa wokonda kuseka, amene ntchito yawo inali yojambula miphika. Tsiku lomwe tinafikalo, mnzanga ali kosamba, ndinaona amayi akupereka phukusi lija kwa mayiyo. Iwo anakwera nalo m'mwamba, ndipo nditadutsa pakhomo pa chipinda cha anti ndinaona nsonga ya chitenje chathu pamwamba pa kabati.

Chipinda chimene anatipatsa ine ndi mnzanga chinali kununkha penti. Munali fani yatsopano, makatani atsopano, ndi desiki yokhala ndi nyale yowerengera, pulasitiki yake isanachotsedwe n'komwe. Panja anali atatsamiritsa njinga yobiriwira yokhala ndi dengu kutsogolo.

"Waona mmene amandikondera anthu a kuno?" mnzanga anatero, akudzigwetsa pabedi. "Kwathu ndinapempha desiki chaka chonse. Kuno ndangotsika ndege."

"Desiki pa tchuthi ya chiyani?"

"Ya iweyo, sisitere. Kuti uzilembapo machimo a anthu."

Ndinaseka naye. Koma ndinakhudza desikiyo, ndipo inali yolemera, yamatabwa enieni, osati chinthu chimene munthu amagulira mlendo wa milungu yochepa.

Masiku oyamba anali abwino, sindingakane. M'mawa amonke achibuda ovala nsalu zachikasu ankadutsa mumsewu opanda nsapato, anthu n'kumawaikira chakudya m'mbale zawo. Tinkadya mpunga womata, woumba ndi dzanja, ndipo amayi anasangalala kuti kuno supuni sakuifuna. Ana a oyandikana nawo ankabwera kudzaona tsitsi langa loluka. Ankafunsa kaye mnzanga ngati angaligwire, ine n'kumangogwedeza mutu. Komabe maso anga sankapuma. Ndinaona kuti anti ndi ang'ono awo akamalankhula, mnzanga akayandikira, mawu ankatsika. Ndinaona kuti anti anatulutsa zovala zawo zonse n'kuziika m'kabati, sutikesi n'kuikankhira pansi pa bedi, pamene ife tinkangotenga zathu m'sutikesi momwemo. Ndinaona kuti telala wina anabwera kudzamuyesa mnzanga. Anti anati ndi siketi ya chikhalidwe cha kuno yovala kukachisi. Koma telalayo anayesanso mapewa, khosi ndi mikono.

Tinapita kukaona zakale zija patapita masiku angapo. Tinayamba ndi nyumba yosungiramo zofukulidwa, momwe munali kozizira bwino. Munali miphika yeniyeniyo m'magalasi, ina yolumikizidwa kuchokera ku mapale ambirimbiri. Munalinso mikanda, mikondo, ndi zibangili zamkuwa zobiriwira ndi ukalamba. Zolembedwa pakhoma zinati anthu amenewa anakhala pano zaka zikwi zingapo zapitazo, ankalima mpunga ndipo ankadziwa kusungunula zitsulo, koma palibe amene amadziwa dzina limene ankadzitcha. Amayi anayenda pang'onopang'ono, manja kumbuyo, akuyamikira. Anati mphika wina ukufanana ndi mtsuko umene unali kwa azakhali awo ku Dedza.

Kenako anti anatitengera kukachisi wina wapafupi, kumene dzenje limodzi la ofukula linasiyidwa losakwirira, atalimangira denga pamwamba. Tinaima pa chitsulo chotchingira n'kuyang'ana pansi. M'dothi lofiiriralo munali anthu. Anagona chagada, wina apa, wina apo, ena pamwamba pang'ono, ena pansi kwambiri, mafupa okhaokha. Kumutu ndi kumapazi kwawo kunali miphika, ndipo ena anali atafunditsidwa mapale. Mmodzi anali ndi zibangili pa fupa la mkono.

Amayi anangoyang'ana kamodzi.

"Awa ndi manda," anatero motsitsa mawu.

"Ndi akalekale, amayi. Mwinanso ena ndi ongoumba."

"Manda sakalamba." Anandigwira pamkono. "Anatiuza kuti tikaona miphika. Ndikanadziwa sindikanakubweretsa." Anachita chizindikiro cha mtanda n'kutuluka kukaima padzuwa, msana atalozetsa kudzenjeko.

Mnzanga anali kujambula ndi foni. "Taona uyu, sisitere. Mano onse alipo. Akuposa aphunzitsi athu a masamu." Kenako anayamba kukonza zoti tikatsegulira sukulu tidzachite limodzi ntchito ya histole yokhudza malo amenewa. Iye adzalankhula, ine ndidzagwira miphika ndi kuoneka wanzeru. Ananena mokweza, m'Chingerezi, ndipo ndinayang'ana anti. Anali kuyang'ana denga ngati pali cholembedwa.

Tili pomwepo panafika mayi wina wovala bulauzi yoyera ndi magalasi. Sanaoneke ngati wabwera kudzaona mafupa. Analonjerana ndi anti, manja ataphatikiza, kenako anamuyang'ana mnzanga kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Anamufunsa mafunso m'chinenero chawo, n'kumulozera chikwangwani cha pakhoma kuti awerenge. Mnzanga anawerenga mokakamira, akuseka.

"Ndani ameneyu?" ndinamufunsa mayiyo atapita.

"Mnzawo wa mami. Ndi mphunzitsi kutauni. Akuti ndimawerenga ngati mwana wa sitandade wani, koma ndiphunzira msanga." Anakweza mapewa. "Ndiphunzira kuti? Anthu a kuno nawo."

Titabwerera kunyumba, ena onse analowa. Amayi anaima pachipata ndipo anandiimitsa. Kwathu munthu wochokera kumanda salowa m'nyumba asanasambe m'manja panja. Anakodola ang'ono a anti n'kuwasonyeza ndi manja kuti akufuna madzi. Mayiyo anaganiza kuti tili ndi ludzu ndipo anabwera ndi mabotolo awiri ozizira. Amayi anathokoza, anatsegula limodzi n'kuyamba kundithirira m'manja pamsewu pomwepo. Mayi aja anatiyang'ana pang'ono, anaseka, n'kubwerera ku miphika yawo.

Tinatsala awiri. Kunyumba ku Dublin ndimawayankha amayi m'Chingerezi nthawi zambiri, koma tsiku limenelo ndinalankhula Chichewa, chifukwa m'mudzi monsemo munalibe wina wochimva.

"Amayi, sakubwerera nafe, eti?"

Madzi sanasiye kutsika. "Wakuuza ndani?"

"Palibe."

"Ndiye sunamve kanthu."

"Desiki ija. Telala uja. Aphunzitsi aja. Ndi phukusi limene munanyamula."

Anatseka botolo. Anayang'ana kunyumba, kenako anandiyang'ana ine nthawi yaitali, ngati akuona kuti ndatalika liti.

"Mwini nyumba imene amakhala ku Dublin ija akuigulitsa," anatero. "Amake asakasaka ina, sanaipeze. Bambo awo ndi awo ukuwaona ali chigonerewo. Ndiye mwanayo wayamba kuyenda ndi anyamata andevu, kubwera kunyumba akununkha zinthu. Ndinawapeza amake akulira kochapira zovala kuntchito, atatseka chitseko. Akanatani?"

"Akanamuuza."

"Akanamuuza, akanakwera ndege?"

Pamenepo ndi pomwe ndinamvetsa chifukwa chimene ine ndinali ku Thailand.

"Munanditenga kuti iye avomere."

"Ndinakutenga kuti uone dziko."

"Amayi."

"Zonse ziwiri," anatero. "Ndiye tamvera. Adzamuuza ife tikanyamuka. Iwe utseke pakamwa. Si mwana wathu, si nkhani yathu. Tinathandiza pomwe tinapemphedwa, basi."

Anandipatsa botolo kuti nanenso ndiwathirire. Ndikuthira, ndinafunsa chinthu chimene sindinakonzekere kufunsa.

"Inunso mungandichite zimenezi?"

Amayi anapukusa zala zawo, anasasa madzi, n'kupukuta manja m'siketi.

"Iwe ndiwe mwana wabwino," anatero, n'kulowa pachipata.

Yankho limenelo ndinalitembenuza masiku awiri. Silinali ayi. Kuyambira pamenepo ndinayamba kukayikira chilichonse, ngakhale zinthu zopanda vuto. Ang'ono a anti akandiwonjezera mango m'mbale, ndinkaganiza kuti akundilipira. Anti akandisisita kumsana n'kunditcha mwana wawo wachiwiri, khungu langa linkanyansidwa. Ngakhale agogo aja pabedi lansungwi, diso lawo limodzi likamanditsatira, ndinkaona ngati akudziwa kuti ndikudziwa. Ndinkayang'ananso kumene amayi aika chikwama chawo cha m'manja, momwe munali mapasipoti athu, ngakhale ndinkadziwa kuti palibe chifukwa choti andisiye m'dziko limene si lathu.

Ndipo mnzanga ankangolankhula. Ankawerengera zimene adzadye akangotsika ndege ku Dublin, matchipisi a viniga wambiri. Ankandifunsa ngati mnyamata wina wa gulu lija adzakhale atamuiwala. Ndinkati sindikudziwa.

Masana ena mvula inagwa kwambiri, ndipo akuluakulu anali atapita kumsika wa kutauni. Tinatsala ndi agogo ndi ang'ono a anti, amene anatipatsa timiphika tiwiri tosajambula, utoto wofiira ndi timaburashi, n'kupita kukagona pa machila awo omangirira ku nsanamira. Mizere ija imaoneka yosavuta koma si choncho. Umayenera kuzungulitsa mphika ndi dzanja limodzi, burashi osainyamula, mpweya utaugwira. Yanga inkatuluka yonjenjemera. Ya mnzanga inali yoipa kuposa yanga, koma iye sankasamala.

"Uwu ndi wa aphunzitsi a histole," anatero. "Ndidzawauza kuti ndinaufukula ndekha ndi supuni. Ukuganiza kuti usweka m'sutikesi? Ndiukulunga m'masokosi. Kapena uunyamule iweyo, iwe sugwetsa zinthu."

Ndinaika burashi pansi.

"Tiye m'mwamba," ndinatero.

"Kukatani?"

"Ingobwera."

M'chipinda cha anti ndinakoka mpando n'kukwera. Phukusi linali lolemera kuposa mmene ndinkaganizira. Ndinalitsitsira pabedi n'kumasula mfundo za chitenje. Manja anga anali ndi utoto ndipo anasiya madontho ofiira pa jumbo. Sindinatsegulepo phukusi la munthu chibadwire.

"Sisitere wayamba kuba," mnzanga anatero, akuseka. "Ndikanena kwa abambo mfumu."

"Tsegula iweyo. Ndi lako."

Anang'amba tepi ndi mano. Pamwamba panali zithunzi za m'mafelemu zimene zinkakhala pakhoma la masitepe kunyumba kwawo, zimene anti ananena kuti azichotsa chifukwa akufuna kupenta. Pansi pake panali mamendulo ake a mpikisano wosambira, kachidole ka galu kothothoka khutu kamene ankagona nako ali mwana, ndi mankhwala ake opopera a mphumu, mabokosi ambiri oti sangathe pa tchuthi chimodzi kapena ziwiri.

Anazitulutsa chimodzichimodzi n'kuziyala pabedi mwadongosolo. Sindinamuonepo atakhala chete nthawi yaitali choncho. Mvula inkamveka pamalata.

"Siketi ija," anatero pomaliza.

"Ndikuganiza kuti ndi yunifolomu."

"Unadziwa liti?"

"Amayi anavomera tsiku la kudzenje lija."

"Sindinafunse zimenezo."

"Ndinayamba kukayika tisananyamuke. Koma sindinali wotsimikiza."

"Tisananyamuke." Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Unakhala pambali panga m'ndege ulendo wonse uja. Ndinakupatsa mpando wa pawindo."

"Ndinkaganiza kuti mwina ndikulakwitsa."

"Iwe sulakwitsa. Iwe umangoona, n'kukalemba." Anatola kachidole kaja. "Tuluka."

Akuluakulu atabwerako ndinali pansi pa nyumba, pafupi ndi agogo. Mnzanga anatsika masitepe atanyamula mabokosi a mankhwala aja, n'kuwaponya pamapazi pa amake. Zimene zinatsatira sindinamve ngakhale liwu limodzi, chifukwa zinali m'chinenero chawo, koma panalibe chofunika kumasulira. Anti anayamba ndi kukalipa, kenako analira, kenako anayesa kumugwira, iye n'kuwakankha. Oyandikana nawo anaima pampanda ndi maambulera. Zinatha pamene agogo anayamba kumenya bedi lansungwi ndi dzanja lawo lamoyo, mobwerezabwereza, mpaka onse anakhala chete.

Amayi anaima pambali panga, jumbo ya zogula ikadali m'manja. Anayang'ana utoto wa m'zala zanga.

"Wamasula phukusi la eni ake," anatero.

"Eya."

Ndinadikira kuti andikalipire. Sanatero. Anapita kukakhala pafupi ndi anti n'kuwagwira dzanja, ndipo madzulo onsewo sanandiyang'anenso.

Masiku otsalawo mnzanga anasamukira kuchipinda cha ang'ono a amake. Ndinkagona ndekha ndi fani yatsopano ija. Pakudya ankakhala kumapeto ena a mphasa. Anaimbira foni bambo ake ku Ireland, ndipo ndinamumva akulankhula Chingerezi kuseri kwa nyumba, poyamba mokweza, kenako motsika, kenako osalankhulanso. Ndinazindikira kuti nawonso ankadziwa. Anti sanandisisitenso kumsana. Sanandinenenso kanthu koipa. Ankangondidutsa ngati nsanamira.

Tsiku loti mawa tinyamuka, njinga yobiriwira sinali pamalo pake. Ndinauza amayi kuti ndikukayenda pang'ono. Ndinaipeza itatsamira pakhoma la kachisi uja. Mnzanga anali m'kati, yekha, atatsamira chitsulo chotchingira dzenje, chibwano pamanja. Ndinaima patali pang'ono. Anandiona koma sanatembenuke.

"Kuno n'kozizira," anatero patapita nthawi. "Ndipo awa safunsa ngati ndadya."

Ndinasendera pafupi. Tinayang'ana pansi limodzi. Pakona panali mtsuko waukulu wosweka pakamwa, ndipo chikwangwani chinati m'mitsuko yotere ankaikamo makanda.

"Ukanandiuza ku Dublin, sindikanakwera," anatero.

"Ndikudziwa."

"Ndikanathawira kwa anzanga aja. Mwina ndikanagona panja. Mami akanabwera okha kapena sakanabwera n'komwe, agogo n'kumangomenya bedi." Anapukuta mphuno ndi kuseri kwa dzanja. "Sindikunena kuti unachita bwino."

"Sindikuganiza kuti ndinachita bwino."

"Koma ena onse akanandisiya ndikubayibitseni ku eyapoti ngati chitsiru, n'kumafunsa kuti sutikesi yanga ili kuti." Anayang'ananso m'dzenjemo. "Ndikadali wokwiya nawe. Usaganize kuti zatha."

"Chabwino."

"Usamangoti chabwino. Zimanyansa."

Ndinatseka pakamwa. Iye anatulutsa mpweya m'mphuno, pafupifupi kuseka.

"Ndikufuna undichitire chinthu chimodzi," anatero. Tsopano anatembenuka n'kundiyang'ana. Maso ake anali otupa. "Kusukulu akakufunsa, usanene kuti anandinamiza. Usanene za phukusi, kapena za nyumba, kapena chilichonse. Unene kuti ndinakukonda kuno ndipo ndinasankha ndekha kutsala. Unene kuti ndili ndi njinga, kukutentha, ndipo sindikusowa aliyense."

"Sadzandifunsa ine."

"Adzakufunsa. Palibenso wina woti amufunse. Lonjeza."

Ndinalonjeza. Pobwerera anandikweza kumbuyo kwa njinga, ndipo tinadutsa matebulo a miphika aja. Pachipata amayi anali ataima kale ndi botolo la madzi, chifukwa anali ataganiza kumene ndinapita. Anandithirira. Mnzanga anaimika njinga, anatiyang'ana, kenako naye anatambasula manja ake. Amayi anamuthirira.

M'mawa mwake sanatiperekeze ku eyapoti. Anaima pamasitepe atavala malaya ogonera, ndipo galimoto itayamba kuyenda anakweza dzanja pang'ono.

Sukulu inatsegulidwa kukugwa kamvula kowaza, thambo lili lotuwa. Nthawi ya buleki ndinakhala pamalo pathu pakale, pafupi ndi chotenthetsera m'kalasi, n'kutsegula chakudya changa. Atsikana awiri amene sanandilankhulepo zaka zonsezi anabwera n'kuima patsogolo panga. Mmodzi anali wa gulu la ku Dún Laoghaire lija.

"Mnzako uja ali kuti? Tamva kuti amake anamutaya kumudzi."

Ndinameza chimene chinali m'kamwa.

"Sanamutaye," ndinatero. "Anasankha yekha. Ali ndi njinga."

Anayang'anana. Anadikira kuti ndiwonjezere, koma sindinawonjezere, ndipo patapita kanthawi anachoka. Madzulo ake ndinamulembera pafoni kuti ndanena monga anandiuzira. Kwawoko kunali kutada kale. Yankho linabwera mawa lake ndili m'basi: "Unaiwala kunena kuti kukutentha."